Mapanga Awiri: Nyumba ya Kutsidya kwa Malire Ifuna Diso la Mwini

Munthu akaimirira m'mawa pa ulalo wa pa Zambezi, makilomita 10 kumwera kwa mzinda wa Livingstone, aona anthu a mitundu yonse alikuoloka. Ena ndi alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ena ndi amalonda okankha njinga zolemedwa ndi katundu. Koma pakati pao sipalephera kukhala munthu wacikulire wobvala jekete, atapanira kacikwama ka mapepala m'khwapa. Ameneyo sacita malonda, ndipo mathithi anawaona kale. Iye alikupita kukazonda nyumba yace imene iri m'dziko la eni.

Ulalo umenewu unatha kumangidwa mu 1905, ndipo kuyambira pamenepo waolotsa anthu ambiri ofuna nchito. Ena a makolo athu anadzera pomwepa popita ku mgodi wa malasha wa Wankie, umene lero uchedwa Hwange, ndi ku Bulawayo. Njanji yomweyo inakokera anthu a ku Nyasaland kudzagwira nchito ku Livingstone. Lero ana athu ali ku Harare, ku Johannesburg ndi ku Gaborone, ndipo ciyambire May 2021 ena aolokera pa ulalo watsopano wa pa Kazungula. Munthu akakhalitsa kwina amanga kapena kugula nyumba, koma mtima wace sucoka kumudzi. Tero m'midzi yathu ya ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi muli mabanja amene ali ndi khomo lina kunja kwa dziko.

Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Sindilikuletsa munthu kukhala ndi nyumba ziwiri ai, koma ndifuna kusimba zimene nyumba yakutali ifuna kwa mwini wace, monga tinazionera pa banja lathu.

Nyumba ya amalume

Amai anga anabadwira ku Mchinji, m'dziko la Malawi, nadzakwatiwa kuno ku Chipata. Mlongo wao, amalume anga, anafika ku Livingstone mu 1959 ali mnyamata, m'masiku a Citaganya, pamene munthu anali kucoka ku Nyasaland kubwera kuno popanda cobvuta. Anagwira nchito ya pa njanji, nakwatira mkazi wa komweko, namanga nyumba ya zipinda zinai ku Dambwa. Atapuma pa nchito mu 1994 anabwerera ku Mchinji ndi mkazi wao kukalima. Nyumba ija sanaigulitse. Anaganiza kuti lendi yace idzawathandiza kugula fetereza ndi sopo mu ukalamba wao. Kwa iwo tsopano, pokhala nzika ya Malawi, nyumba ya ku Dambwa inasanduka nyumba ya kunja.

Makiyi anawasiya m'manja mwa mnzao amene anali kupemphera naye chalichi cimodzi, popanda kulemberana kanthu. Zaka zitatu zoyamba ndalama inali kufika. Pambuyo pace inayamba kudumpha miyezi, ndipo potsiriza kunali kufika makalata okhaokha odandaula za mabvuto. Kucokera ku Mchinji kufika ku Livingstone ndi mtunda woposa makilomita 1,000, ulendo wa masiku awiri pa basi, ndipo amalume anali kungoti adzapita akakolola. Anapita patatha zaka zisanu ndi cimodzi. Anapeza malata alikudontha, ciswe citadya mitanda ya denga, madzi atadulidwa cifukwa ca ngongole, ndipo kuseri kwa nyumba kutamangidwa tizipinda tiwiri timene iwo sanatidziwe. Anthu okhalamo anawafunsa kuti afuna yani, pakuti mwini nyumba amene iwo anali kumdziwa ndi mnzao uja.

Cimene cinawapulumutsa ndi kacikwama ka mapepala kamene anakasunga pansi pa sutukesi ku Mchinji.

Mapepala ndiwo nyumba

Kumudzi munda udziwika ndi anyakwawa ndi anansi, ndipo mboni ziri ponseponse. M'tauni ya dziko lina palibe wodziwa agogo anu. Mboni yanu ndi pepala.

Muno m'Zambia nthaka yonse iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse. Lamulo la mu 1975, m'nthawi ya a Kenneth Kaunda, linathetsa umwini wamuyaya wa nthaka, ndipo lamulo la nthaka la mu 1995 lilola munthu kubwereka malo kwa Boma kufikira zaka 99. Pepala lotsimikiza zimenezi ndilo limene anthu alichula taito. M'makomboni ena khonsolo ipereka cikalata cololeza munthu kukhalapo zaka 30. Munthu wosakhala nzika sangatenge malo cisawawa. Lamulo limlola ngati ali ndi cilolezo cokhaliratu m'dziko muno, ngati ndi wodzaika cuma m'malonda wobvomerezedwa ndi Boma, kapena ngati Mtsogoleri wa dziko wamlola mocita kulemba, ndi pa zifukwa zina zowerengeka.

Dziko liri lonse liri ndi mpanda wace wotere. Ku Mozambique nthaka ndi ya Boma ndipo siigulitsidwa. Munthu apatsidwa cabe ufulu woigwiritsa nchito. Ku Malawi malamulo a nthaka anasinthidwa mu 2016 ndi mu 2022, ndipo anakhwimitsa njira ya mlendo wofuna malo. Cifukwa cace musanapereke ndalama, pitani nokha ku ofesi yosunga kaundula wa nthaka kapena ku khonsolo, mukaone ngati dzina la wogulitsayo ndilo liri m'buku, ndiponso ngati nyumbayo siinaikidwe cikole ku banki. Kalata yogulitsana yolembedwa pa pepala la m'kope, ngakhale isainidwe ndi mboni zisanu, siisintha dzina m'buku la Boma. Muno m'Zambia nyumba ya taito isanasinthe dzina pafunika cibvomerezo ca ofesi ya za nthaka ndi kulipira msonkho wosinthira umwini. Kugula m'dzina la bwenzi kapena la mlamu pofuna kuzemba lamulo ndiko kumpatsa nyumbayo kwaulere.

Dziwaninso kuti kukhala ndi nyumba m'dziko sikupatsa munthu ufulu wokhalamo. Mlendo wamba wolowa m'Zambia aloledwa masiku 90 pa caka, ngakhale nyumba yogonamo iri yaceyace. Za unzika nazo zisintha ndi nyengo. Mu 2001 dziko la Zimbabwe linakhwimitsa lamulo la unzika, ndipo anthu ambiri obadwira komweko kwa makolo a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique anayamba kuwerengedwa alendo, kufikira malamulo akulu a dzikolo a mu 2013 anawatsegulira njira. Kuno kwathu unzika wa maiko awiri unaloledwa mu 2016. Amene ali ndi ana obadwira kunja aonetsetse kuti anawo ali ndi zitupa zokwanira, pakuti ndiwo adzaimirira nyumbayo mawa.

Nyumba idya ngakhale mwini kulibe

Anthu ambiri awerenga ndalama yolowa, naiwala yoturuka. Nyumba ya m'tauni iri ngati ng'ombe ya m'khola: idya tsiku ndi tsiku. Ku Livingstone mwini nyumba alipira msonkho wa nyumba ku khonsolo ya mzinda, umene anthu auchula mareti. Wa taito alipiranso lendi ya nthaka ku Unduna wa za Nthaka caka ndi caka. Pali madzi, pali malaiti, ndipo pa ndalama ya lendi pali msonkho wa Boma wopita ku bungwe la ZRA. Ngongole zimenezi sizifa cifukwa mwini ali kutali. Zingounjikana mwakacetecete pa nambala ya nyumbayo, ndipo khonsolo iri ndi mphamvu yotuma anthu kudzagwira katundu. Wocita lendi akasamuka usiku osalipira madzi, ngongole itsalira mwini nyumba.

Kuonjeza apo pali nyengo. Livingstone ndi malo otentha kwambiri mu October, ndipo mvula ikayamba mu November ipeza malata atamasuka misomali. Nthaka ya kumeneko ndi ya mcenga, kotero madzi othamanga akumba m'mbali mwa maziko ngati palibe wokwirira. Ciswe sicipumula. M'makomboni oyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya, njobvu zimalowa m'nyengo ya cilimwe kufuna zipatso, ndipo zikhoza kugwetsa mpanda usiku umodzi. Lata limodzi lodontha likakonzedwa msanga ndi nchito ya tsiku limodzi. Likasiyidwa mvula zitatu, mugula denga lonse.

Amalume atakonza nyumba yao anadziikira lamulo: pa miyezi 12 ya lendi, ya miyezi iwiri siinali kuoloka malire. Inali kutsala ku Livingstone kuyembekeza mareti ndi zokonza. Anayambanso kupita okha kamodzi pa caka, mu September mvula isanagwe, ndipo ndalama ya basi anali kuiwerenga ngati mbali ya zimene nyumba idya. Munthu akacotsa zonsezi pa lendi ndi pamene adziwa ngati nyumbayo imdyetsa kapena ndiye alikuidyetsa.

Wosiyira makiyi

Pa zonse, cobvuta koposa ndico kusankha munthu woyang'anira. Kwathu tidziwa kuikiza ng'ombe kwa mnansi, ndipo tidziwanso kuti woikiza wanzeru apita kukaziwerenga, napatsa wowetayo thole kapena mkaka. Mnzao wa amalume sanali mbala poyamba. Anali kuyenda kukatolera lendi, kukangana ndi osalipira ndi kuitana amisiri, zonsezi popanda malipiro ndi popanda womfunsa. Pang'onopang'ono anayamba kudzilipira yekha, ndipo potsiriza anazolowera kuchedwa mwini nyumba.

Tsono woyang'anira, angakhale mbale wa bere limodzi, mlembereni pangano pamaso pa mboni. Lichule nchito yace, malipiro ace pa mwezi, ndi ndalama imene angaononge pokonza asanakufunseni. Lichulenso zimene saloledwa: kumanga, kugulitsa, kukongolera ndalama pa nyumbayo, kapena kulowetsa abale ace. Mukapita kwa loya kukampatsa mphamvu yokuimirirani, onani kuti pepalalo lanena poyera kuti mphamvu yogulitsa palibe. Taito yeniyeni isagone m'nyumba mwace. Iye asunge cithunzi cace cabe. Ndi bwinonso kukhala ndi diso laciwiri, monga mnansi wa pafupi amene angakuuzeni zoona popanda kudzera kwa woyang'anira.

Masiku ano foni yacepetsa mtunda. Wocita lendi akhoza kutumiza ndalama molunjika ku banki kapena ku foni ya mwini nyumba, ndipo malisiti a mareti ndi a madzi akhoza kujambulidwa ndi kutumizidwa tsiku lomwelo. Pemphani zithunzi za denga, cimbudzi ndi kuseri kwa nyumba, osati za khomo lokha. Koma cithunzi cionetsa cimene wojambula afuna kuti muone, tero ulendo wa caka ndi caka usalekeke.

Wocita lendi nayenso ali ndi ufulu wace. Mlemberane pangano lonena za mtengo, tsiku lolipira, ndi wolipira madzi ndi malaiti. Akaleka kulipira, musatume anyamata kukataya katundu wace pabwalo kapena kukazula citseko. Njira yace ndi cidziwitso colembedwa, ndipo akakana kucoka, khoti. Mlendo wothyola lamulo m'dziko la eni adzipezera mlandu woposa ngongole imene anali kulonjerera.

Kwacha ziwiri, mitengo iwiri

Lendi ya amalume inali kulandiridwa m'Kwacha ya Zambia, nidyedwa m'Kwacha ya Malawi. Dzina ndi limodzi koma mphamvu zisiyana, ndipo zisintha kosacenjeza. Pa 1 January 2013 Zambia inacotsa mazilo atatu pa ndalama yace, kotero K500,000 inasanduka K500. Wa kumudzi wosamva nkhaniyi akanaganiza kuti amubera. Mu November 2023 Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iri yonse. Wokhala ku Malawi wolandira lendi yocokera ku Zambia anapindula, koma wa ku Chipata amene ali ndi nyumba ku Lilongwe anaona lendi yace itafota tsiku limodzi.

Oposa onse kulira anali eni nyumba za ku Zimbabwe mu 2008, pamene mitengo inali kukwera m'mawa ndi madzulo. Lendi ya mwezi wathunthu inali kutha mphamvu isanafike pa ulalo, mpaka mu 2009 dzikolo linayamba kugwiritsa nchito ndalama za maiko ena monga dola ya America. Phunziro lace ndi lakuti nkhalamba isatsamire pa lendi ya kunja yokha nkuleka khasu. Ndipo potumiza ndalama, njira ya banki kapena ya foni, ngakhale idula pang'ono, isiya umboni. Envulopu yopatsira kondakitala wa basi, ndi osintha ndalama a m'mbali mwa mseu pa malire, sapereka lisiti.

Cakudza siciimba ng'oma

Akuluakulu a ku Livingstone akumbukira tsiku la 9 January 1973, pamene boma la Ian Smith la ku Rhodesia linatseka malire. Zambia nayo inakana kutsegula mbali yace, ndipo sitima za katundu wa dziko lino sizinabwerere pa njira ya kumwera kufikira October 1978. Munthu amene anali ndi nyumba kapena banja kutsidya anali kuona nthunzi ya mathithi yomweyo imene abale ace anali kuiona, koma osatha kuwafikira. Mu March 2020 matenda a Covid-19 anacititsa Zimbabwe ndi maiko ena kutsekanso malire kwa miyezi yambiri. Alendo odzaona mathithi analeka kubwera, anchito a m'mahotela anakhala pansi, ndipo eni nyumba ambiri ku Livingstone anasowa wowalipira lendi.

Boma la dziko lina likhozanso kusintha maganizo pa zomanga. Mu May 2005 boma la Zimbabwe linayamba kugwetsa nyumba ndi tizipinda tomangidwa popanda pulani yobvomerezeka, pa nchito yochedwa Murambatsvina, ndipo tauni ya Victoria Falls, yoyang'anana ndi Livingstone, siinasiyidwe. Bungwe la United Nations linawerengera kuti anthu 700,000 anataya pokhala kapena popezera cakudya. Ndico cifukwa cace amalume anagwetsa okha tizipinda tija ta kuseri, ngakhale tinali kubweretsa ndalama. Anati safuna kupatsa munthu ali yense cifukwa cogwirira nyumba yao.

Mtengo wa nyumba utsatanso nchito za m'tauni. Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911, koma mu 1935 likulu linasamukira ku Lusaka. Mafakitale a nsalu ndi olumikiza magalimoto amene anadzaza makomboni m'zaka za m'ma 1970 anadzatsekedwa. Boma la a Michael Sata, limene linalowa mu 2011, linasamutsira likulu la Cigawo ca Kumwera ku Choma, ndipo anchito a Boma amene anali kulipira lendi mokhulupirika anatsata maofesi ao. Wogula nyumba kutali ayambe wafunsa kuti anthu a m'tauniyo adya ciani.

Mwini akatsikira kuli cete

Amalume anamwalira mu 2012 ku Mchinji. Pa maliro akulu ena a banja anati, monga mwa mwambo wathu wa Acewa, cuma ca malume cigwera mwana wa mlongo wace, ndipo maso onse anayang'ana ine. Koma mwambo sufika m'buku la nthaka la ku tauni. Muno m'Zambia lamulo la mu 1989 linena kuti munthu wokhala m'dziko lino akafa wosalemba wilo, pa 100 iri yonse ya cuma cace ana atenga 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene anali kumdalira 10. Nyumba ikhala ya wamasiye ndi ana pamodzi, ndipo wamasiyeyo akhalamo kufikira imfa kapena atalowa banja lina. Ku Malawi nako lamulo la mu 2011 liika mkazi ndi ana patsogolo. M'maiko onse awiri kulanda cuma ca amasiye ndi mlandu.

Mwamwai amalume anasiya wilo yolembedwa pamaso pa mboni ziwiri. Inachula nambala ya nyumba, malo osungira mapepala, ndi kuti nyumbayo ikhale ya mwana wao wamkazi wobadwira ku Livingstone, amene ndi nzika ya Zambia kudzera mwa amai ace, ndipo iye azisamala amai acewo. Ngakhale zinali tero, panapita zaka ziwiri dzina lisanasinthe, cifukwa mapepala a khoti la ku Malawi anayenera kuyamba alandiridwa ndi khoti la kuno, kumene kuli nyumba. Ine ndinangothandiza kunyamula mapepalawo. Taganizani tsono za banja limene mwini wace anafa osanena kanthu, makamaka ngati anali ndi mkazi kumudzi ndi wina ku tauni, osadziwana. Nyumba zotere zithera m'manja mwa wosiyiridwa makiyi, ana a mwini ali kumudzi osadziwa ndi nambala yace yomwe.

Dzifunseni lero

Inu amene muli ndi nyumba kutsidya kwa malire, kapena mwana wanu walemba kalata kuti afuna kugula, khalani pansi ndi banja lanu muyankhe mafunso awa. Kodi dzina liri m'buku la Boma ndi la yani, ndipo mapepala ali kuti? Kodi mareti ndi madzi zinalipiridwa liti, ndipo lisiti munaliona ndi maso anu? Kodi wosunga makiyi alandira ciani, ndipo amuwerengera ndani? Kodi inu mukafa usiku uno, mkazi wanu ndi ana adziwa khomo loyamba kugogoda?

Ngati mayankho alipo, isungeni nyumbayo, idzathandiza ana pa sukulu ndi pa nchito. Ngati palibe, ndipo miyendo yayamba kukana ulendo wa masiku awiri, palibe manyazi kuigulitsa mukali moyo, mwa njira ya lamulo, ndi kugula ng'ombe kapena malata a nyumba imene mugonamo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nyumba ya ku Dambwa ikalipo. Msuweni wanga akhalamo ndi ana ace, ndipo ndikapita ku Livingstone ndifikira komweko. Malisiti onse awasunga m'kacikwama komwe kaja ka atate ace.